Kudzidzazira wekha zipolopolo za mfuti: phindu lake lili pati?

Ogulitsa makina odzazira zipolopolo amakonda kunena kuti mukagula basi mwayamba kupulumutsa ndalama. Sanama kwenikweni, koma sanena zonse. Ine ndakhazikika kuno ku South Africa, ndimagwira ntchito pafamu ya nyama zakutchire m'chigawo cha Limpopo, ndipo mfuti yanga ndi ya .308 Winchester. Zipolopolo zake ndimadzaza ndekha, komabe munthu akandifunsa ngati nayenso ayambe, nthawi zambiri ndimamuuza kuti ayi.

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: khoko lachitsulo chachikasu, primer yomwe imakhala kumbuyo n'kuyatsa moto, onga, ndi mutu umene umauluka. Mukawombera, zitatu zimapita, khoko limatsala. Khokolo ndiye mbali yodula, ndipo mukalisamala limabwerera m'mfuti kasanu ngakhale kupitirira apo. Phindu lonse la ntchitoyi lagona pamenepo. N'chifukwa chake ku renji, komwe anthu amayeserera kuwombera, mudzaona abambo aulemu wawo atawerama akusanthula mu udzu ngati nkhuku.

Onga umayezedwa ndi muyezo wotchedwa grain, ndipo grain imodzi ndi magalamu 0.065 chabe. Chipolopolo cha .308 chimadya ma grain makumi anayi ndi kanthu, choncho chitini cha magalamu 500 chimakupatsani zipolopolo pafupifupi 170. Mukawerengera onga, primer ndi mutu, chipolopolo chimodzi chimatsikadi mtengo poyerekeza ndi cha m'sitolo. Koma musanafike pamenepo mwagula kale pulesi, makina odzazira aja, kaya ya Lee kaya ya RCBS, ma die, zitsulo zoumbira khoko ndi kukhazika mutu molingana ndi kukula kwa zipolopolo za mfuti yanu, sikelo, choyezera utali wa khoko, chodulira khoko likatalika, ndi buku la miyezo. Mlenje wa nyengo yozizira yokha, amene amapha nswala ziwiri ndi njiri imodzi za biltong, nyama yowumitsa, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, bokosi limodzi la zipolopolo 20 limamukwanira chaka chathunthu. Ameneyo makinawo adzachita dzimbiri ndalama zake zisanabwerere.

Nanga ife odzazafe ndalamazo timazionadi? Mayi a kunyumba kwanga amati sanazionepo, ndipo sindingawatsutse. Chipolopolo chikatchipa, dzanja limayabwa. Loweruka umapezeka uli ku renji, wawombera 40 pomwe kale unkawombera zisanu.

Chimene chimandisunga pa benchi ndi china. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ziwiri zochokera fakitale imodzi zikhoza kukonda zipolopolo zosiyana, ndipo cha m'sitolo chinapangidwa kuti chilowe m'mfuti ya aliyense. Ukamadzaza wekha umayambira pa muyezo wochepa wa m'buku, n'kumakwera pang'onopang'ono osadutsa malire, uku ukuona mmene mabowo akukhalira papepala pa mtunda wa mamita 100. Tsiku lina umapeza atatu akhudzana. Kwa munthu wowombera ngoma itaima kuseri kwa zitsamba, pomwe pakuoneka phewa lokha, zimenezi si masewera. Nyama yovulazidwa imakuyendetsani tsiku lonse mu minga, ndipo pafamu mlenje amalipira ndithu ngakhale isapezeke.

Ntchitoyo ndi yachete ndiponso yodekha. Ndimatseka chitseko cha shedi, foni ndimasiya m'nyumba, fodya ndi mowa sizifika pafupi. Pa benchi pamakhala chitini chimodzi chokha cha onga, chifukwa onga wa pisitolo ukalowa molakwika m'khoko la mfuti yaikulu, mfutiyo ikhoza kuphulikira kumaso. Ndikathira, makoko onse ndimawandandalika m'thabwa lamabowo n'kuunika ndi tochi limodzi ndi limodzi, kuona ngati onga wafika pofanana. Khoko long'aluka pakhosi ndimaliphwanya ndi pulayazi kuti lisadzandinyenge mawa. Amene mtima wake uli m'mwamba, wongofuna athane nazo msanga, ndi bwino azigula za PMP kapena Hornady m'sitolo, palibe manyazi.

Ndipo musaganize kuti kudzaza wekha kumakumasula kwa ogulitsa. Ambirife tinazolowera onga wa Somchem, monga S335 ndi S355, wopangidwa kufupi ndi Somerset West. Mu Seputembala 2018 pafakitale ya kumeneko panachitika ngozi ya kuphulika imene inapha antchito 8, ndipo m'zaka zotsatira ongawo unkasowa kwambiri m'masitolo. Anthu tinathamangira wakunja, ngati Vihtavuori wa ku Finland, wokwera mtengo, ndipo onga ukasintha kuyesa konse kumayambiranso pachiyambi.

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake, koma asasunge zoposa 200 pa mfuti iliyonse, kapena ma primer oposa 2,400 pa mfuti iliyonsenso, pokhapokha ngati analembetsedwa monga mlenje kapena wamasewera wodzipereka. Kugulitsako anzanu zomwe mwadzaza n'kosaloledwa, choncho amene akulota bizinesi aiwale. Awa ndi malamulo a kuno, a kumudzi ndi ena.

Pali gulu limodzi limene sindilikaniza: eni mfuti zikuluzikulu. Ya .375 H&H, yomwe inatuluka mu 1912 ndipo mpaka lero ndi imene alenje ambiri amatengera njati, zipolopolo zake za m'sitolo zimaboola thumba, pomwe mfuti yokankha phewa choncho imafuna kuizolowera kawirikawiri. Mkulu amene amatsogolera alendo pafamu pathu amadzaza zake zoyeserera ndi mitu yotchipa, yodula amasungira njati yeniyeniyo. Iyeyo pulesi yake inabweza ndalama kalekale.