Mayi wosavala amene ndinamupachika pabalaza

Azakhali anga atabwera kudzandiona, asanakhale n'komwe pansi anayang'ana pakhoma n'kufunsa kuti, "Iwe, mayi wosavalayu wamupachikiranji pano podutsa ana?" Ndinangoseka, koma usiku wonse funsolo linkandizungulira m'mutu.

Chithunzicho ndi cha Albrecht Dürer, katswiri wojambula wa ku Nuremberg ku Germany. Anachizokota pa chimbale cha mkuwa cha m'ma 1501, n'kumachidinda papepala. Changachi n'chongosindikiza, musaganize kuti ndalemera. Mayiyo ndi wojintcha, wamimba yotulukira, wamapiko aakulu, ndipo waima pa mpira m'mitambo. Dzanja lina wagwira chikho chokongola, lina zingwe ndi chitsulo chija amaika m'kamwa mwa kavalo.

Poyamba ndinkaona ngati ndi mulungu wamkazi wa mwayi, pakuti woima pa mpira sachedwa kugubuduka, monga mwayi. Ambiri amamutcha choncho. Koma mwini wake, m'zolemba za paulendo wake wa ku Netherlands mu 1520, anamutcha Nemesis, mulungu wa Agiriki wobwezera. Maonekedwe akewo akuchokera mu ndakatulo ya Chilatini ya Angelo Poliziano: chikho n'cha ochita bwino, zingwe n'zomangira odzikuza.

Chimene chinandisintha maganizo ndi chimene chili pansi pa mapazi ake. Mitambo yapindika ngati nsalu, ndipo kunsi kukuoneka katawuni kakang'ono, mtsinje, mlatho, misewu yokwera phiri. Si malo ongopeka ayi. Ndi Klausen, m'mapiri a Tyrol, panjira imene anthu ankadutsa popita ku Italy. Munthu sangavutike kujambula denga lililonse la tawuni yeniyeni ngati akungofuna kukamba nthano.

Mu 1499, zaka ziwiri chabe m'mbuyomo, Mfumu Maximilian, imene inkalamulira Germany ndi Tyrol, inamenyana ndi anthu a ku Switzerland, ikuwayesa alimi wamba osavuta kuwathyola khosi. Inagonja ku Calven, m'malire a Tyrol, mu Meyi, inagonjanso ku Dornach mu Julayi, ndipo pofika Seputembala inavomera mtendere ku Basel. Amene anatsogolera asilikali a ku Nuremberg kumbali ya mfumu pankhondoyi anali Willibald Pirckheimer, bwenzi la ponda apa m'pondepo la Dürer. Pirckheimer analemba kuti m'midzi yotenthedwa anakumana ndi agogo awiri akukusa ana ngati ziweto kupita nawo kudambo kukadya udzu. Ine ndimakhulupirira kuti nkhani ngati imeneyi inamvekanso m'nyumba ya Dürer.

Akatswiri ena amati tikuwerenga zambiri, Dürer ankangoyesa miyeso ya thupi la munthu ya Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma wakale, ija yoti mutu uzilowa kasanu n'katatu mu msinkhu wonse. Miyesoyo ilimodi, sindikana. Koma woyesa miyeso akanamuimika mayiyu pabwalo. Iye anamuimika pamwamba pa Tyrol, dera la mfumu imene inali itangochititsidwa manyazi, atagwira zingwe. Pajatu Dürer pambuyo pake anadzagwirira ntchito Maximilian yemweyo, ndiye munthu wanzeru sakanaloza mfumu chala. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mfumu umaitsina kudzera mwa mulungu wachigiriki, kuti ikafunsa unene kuti ndi nthano ya makedzana.

M'mawa mwake ndinawafotokozera azakhali zonsezi tikumwa tiyi. Anamvetsera bwinobwino, n'kunena kuti, "Chabwino, koma bwenzi atamuveka ngakhale chitenje." Chithunzicho ndachisamutsira kuchipinda mpaka adzapite.