Mphipi ya m'nyanja yamchere ikutha

Loweruka ndinali ku Stony Point, ku Betty's Bay kuno ku South Africa. Anthu onse maso ali pa ma penguin, koma ine mtima unali pa mphipi zomwe zinakhala phee pamiyala yomenyedwa ndi mafunde. Zinandikumbutsa zija za pachilumba cha Boadzulu kwathu ku Mangochi, kungoti zathuzo n'zoyera pachifuwa.

Pakati pake panali bank cormorant, asayansi amati Phalacrocorax neglectus. Kuizindikira kumafuna kudekha. Ndi yakuda bii thupi lonse, yojintcha, ndipo khungu lapakhosi pake nalonso ndi lakuda. Mnzake Cape cormorant, mtundu wina wa mphipi, khungu lapakhosi pake ndi lachikasu. Nyengo yoswana bank cormorant imatuluka banga loyera kumsana chakumchira. Ndinaona imodzi ikutuluka m'madzi ndi ndere zam'nyanja kukamwa, n'kukazimata pachisa zili chinyowere.

Abale anga, mbalameyi simungaipeze kwina kulikonse padziko lapansi kupatula gombe la Namibia ndi la kumadzulo kwa South Africa. Zambiri zimaswana pazilumba za Mercury ndi Ichaboe ku Namibia. Bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiwopsezo chakutha. Kuno chakudya chake chachikulu ndi rock lobster, yangati nkhanu ya m'nyanja yamchere, yomwe yachepa chifukwa chogwidwa mopyola muyezo. Mafuta otayika m'sitima amaipha, ma seal (nyama zoyamwitsa za m'nyanja) amailanda malo, ndipo mafunde aakulu amakokolola zisa.

Mukapita kumeneko, chonde yendani m'kanjira kamatabwa kokha. Mphipi yofungatira ikadzidzimuka n'kuuluka, mbalame zina zotchedwa kelp gull zimatola mazira nthawi yomweyo.