Chingwe cha palachuti pansi pa galimoto yanga

Ekizozi inagwa titangodutsa damu la Mulunguzi, pamene tala amathera n'kuyamba msewu wafumbi. Poyamba panamveka kuti gwa, kenako chitsulo chinayamba kukwekwereza pansi ngati mwana akukoka lata. Mayi a kunyumba, amene anakhala chete kuyambira ku Limbe, anangoti, "Si ndinanena ine?" Ananenadi. Makaniko wina wa kwathu anaiwotcherera ekizoziyo sabata yatha, n'kunditsimikizira kuti ifika ngakhale ku Karonga. Yathera pa phiri la Zomba.

Chimene tinakwerera phirili n'chochititsa manyazi pang'ono. Mphwanga amene amagwira ntchito ku Cape Town wandilipirira zokadumpha mu ndege mu Disembala, akuti ndi mphatso poti ndikukwanitsa zaka 50. Amati tandem: amakumangirira kutsogolo kwa katswiri, iyeyo ndiye amachita zonse, iwe ntchito yako n'kukuwa basi. Ine munthu woti makwerero okonzera denga amandinjenjemeretsa miyendo. Kwa milungu itatu ndakhala ndikugona mochedwa, kuwerenga za mapalachuti pa foni mpaka bando kutha. Ndiye ndinati ndikaime kaye pa Emperor's View, malo okwera a m'mphepete mwa phirili, ndiyang'ane pansi, ndione ngati m'mimbamu mulimbe.

Ndinagona chagada m'fumbi, ndikuyang'ana chitsulo chotentha chimene sindinadziwe pochigwira. M'buti munalibe waya, munalibe chingwe, munali jeke ndi ndowa yopanda kanthu. Netiweki inali kadontho kamodzi kobwera n'kumapita. Anyamata awiri osenza nkhuni anaima, anayang'ana, anapepesa, n'kupitirira.

Kenako ndinaona nsapato. Zakale, zong'ambika m'mbali, koma zopolishidwa.

"Tulukanimo kaye, bambo, chizizire chimenecho. Mupsa manja."

Anali bambo wachikulire, wamfupi, wowongoka msana ngati mlongoti, atanyamula kathumba ka mbatatesi. Tinapatsana moni, anawapatsanso moni mayi mwaulemu, n'kukhala pa mwala ngati tinapangana. Tinadikira mwina mphindi makumi awiri. Chitsulo chitazizira analowa okha pansi pa galimoto, ine ndikukaniza, anatuluka n'kupita m'mbali mwa msewu, n'kubwera ndi kawaya kadzimbiri kotalika ngati mkono. Kanali kakafupi, sikanafike pa chitsulo cha galimoto. Apo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chingwe chobiriwira, chopindidwa bwinobwino, chonenepa pang'ono kuposa cha nsapato.

"Ichi n'cha palachuti," anatero. "Chimodzi chomwechi chimanyamula makilogalamu oposa 200. M'katimu muli timaulusi tisanu n'tiwiri. Koma n'cha nayiloni, chikakhudza moto chimasungunuka ngati phula. Ndiye waya agwire ekizozi, chingwe chigwire waya."

Anamanga chakumbuyo kwenikweni, kumene paipi satentha kwambiri, n'kusiya mpata pakati pa chingwe ndi chitsulo. Mfundo yake sindinaionepo, ndipo anaikoka katatu asanakhutire. Mayi anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti anena, ndipo ananenadi: "Achikulire, awatu akufuna akadumphe mu ndege."

Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola. Anapuma usilikali kalekale, ndipo zaka zambiri anali ku Salima, ku gulu la asilikali odumpha ndi palachuti. Ndalama anakana. Anangoti ngati tikupita ku Emperor's View tiwatenge, papita nthawi asanafikeko, mawondo anayamba kukana.

Msewu wa kumeneko ndi woipa, ndinene pano. Ngati galimoto yanu ili yotsika ngati yanga, isiyeni cha ku hotela ya Ku Chawe muyende pansi ndi munthu wolondolera njira, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke. Nthawi ya mvula musayerekeze n'komwe. Chinandiwawa n'chakuti mbali zina za phiri zimene ndinaziona zili ndi mitengo ya paini yothithikana ndili mnyamata, lero ndi zitsa ndi udzu wopsa. Tonse timadandaula, tonse timagula matabwa ndi makala. Ndisiye pomwepo.

Pamalopo anapatcha dzinali chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anafikapo mu 1965. Kunja kunali kowala. Mulanje anaoneka patali ngati khoma, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, chilumba cha Chisi chili pakati, tauni ya Zomba ili pansi pathu ngati mikanda yomwazika. Ndinafika pafupi ndi m'mphepete, miyendo inachita zake, ndinabwerera n'kukhala pansi.

"Apa pakuopsani chifukwa phazi lili pa mwala ndipo maso akuona potsetsereka," anatero a sajeni, poti tsopano ndinali nditayamba kuwaitana choncho. "Pakhomo la ndege sipaoneka chonchi. Dziko limangokhala ngati mapu."

Anafotokoza za kadumphidwe kawo. Palachuti yawo inali yozungulira ngati ambulera, ndipo sankaitsegula okha. Pa chikwama chakumsana pamakhala lamba wautali amene umakoloweka pa waya m'kati mwa ndege, ukadumpha lambayo ndiye amasolola palachuti. Amadumphira pafupi, mamita 300 kapena 400, kuti msilikali asakhalitse m'mwamba adani akumuona. Umawerenga mokweza, one thousand, two thousand, three thousand, n'kuyang'ana kumwamba ngati nsalu yatambasuka bwino. Ngati sinatambasuke, yapadera ili pamimba, ukoke msangamsanga, nthawi yoganiza palibe. Ambulera yotere siiwongoleka kwenikweni, mphepo ikafuna kukakutula m'munda wa chinangwa ikakutula. Pofika pansi mapazi ndi mawondo pamodzi, n'kugwera cham'mbali mogubuduka kuti thupi lonse ligawane ululu. Anaimirira kuti ationetse, mayi n'kuwaletsa.

Ndiye anandifunsa za yanga. Apa usiku wonse uja wa pa foni unagwira ntchito, ndinayankhula ngati mphunzitsi. Ndinati ya tandem si yozungulira, ndi yamakona anayi ngati matiresi. Ili ndi nsalu ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, zosokedwa m'timatumba tisanu n'tinayi totseguka kutsogolo. Mphepo ikalowa m'timatumbamo chinthucho chimauma n'kukhala phiko, ndipo chimauluka chopita kutsogolo. Katswiri amakoka chingwe chakumanja kukhotera kumanja, chakumanzere kukhotera kumanzere, zonse ziwiri pamodzi ndiye mabuleki. Nzeru imeneyi anaitulukira Domina Jalbert, munthu wa makaiti, m'zaka za m'ma 1960. Pa zingwezo pamakhala kansalu kena kotchedwa slider, kamene kamatsetsereka pang'onopang'ono kuti palachuti isatseguke mwadzidzidzi n'kukuthyola msana. A sajeni anagwedeza mutu, zamakonazo anazionapo kwa anzawo odumphira kutali, aja otsika mwaluso pa zionetsero.

Ndinapitiriza. Ndege imakwera mamita 3,000 mpaka 4,000. Mukatuluka, katswiri amaponya kapalachuti kakang'ono kotchedwa drogue, chifukwa anthu awiri omangana amagwa mothamanga kuposa munthu mmodzi, ndipo kameneka kamabweza liwiro kufika pa makilomita pafupifupi 200 pa ola. Mumagwa choncho kwa masekondi 30 mpaka pafupifupi mphindi imodzi, kenako yaikulu imatsegulidwa mukadali mamita 1,500 kuchokera pansi. Nditanena nambala imeneyi ndinasuzumiranso ku tauni kuja. Kuchokera pamene tinakhala kufika pa msika wa Zomba, kutsika kwake sikukwana n'komwe mamita 1,500. Kutanthauza kuti pamene palachuti ikutseguka udakali pamwamba kuposa pamene miyendo yanga inakanira. Ndinameza malovu.

"Zonsezo n'zabwino," anatero a sajeni. "Nanga wopinda ndani?"

Ndinati sindinamve.

"Wopinda palachuti. Inu mwawerenga za m'mwamba zokhazokha. Ife tinkadziwa kuti palachuti imatseguka pa tebulo, dzulo lake. Chingwe chimodzi chikadutsa pamwamba pa nsalu popinda, m'mwambamo sungachikonze."

Anafotokoza za chipinda chopindiramo, matebulo aatali, munthu kuyendetsa chala pa chingwe chilichonse, wina kubwera kudzaona ntchito ya mnzake, kenako kusaina. Nsaluyo imawombedwa ndi timabokosi ting'onoting'ono ta ulusi wolimba kuti ikang'ambika pena kung'ambikako kusapitirire. Koma imaopa zinthu zopusa: dzuwa likaiwomba nthawi yaitali imafooka osaoneka, asidi wa batire amaidya, ikanyowa iyenera kuumira pamthunzi. Anati msilikali wosiya palachuti padzuwa ankaona zakuda.

Funso lawolo linandikumbutsa zina zimene ndinawerenga koma osaziika kumtima. Chikwama cha tandem chimakhala ndi mapalachuti awiri. Yapaderayo sapinda munthu wamba, amapinda mmisiri wokhala ndi chiphaso, ndipo ku America lamulo limati iziyang'anidwa ndi kupindidwanso pa masiku 180 alionse ngakhale isanagwire ntchito. Pamakhala kakhadi kolembapo tsiku ndi dzina la wopinda. Yaikulu ikatseguka mopotoka, katswiri amakoka chogwirira chimodzi n'kuitaya yonse, chifukwa imagwidwa ndi mphete zitatu zolowana pa phewa lililonse, nzeru ya Bill Booth ya m'ma 1970. Booth yemweyo ndi Ted Strong ndi amene anayambitsa za tandem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndiye palinso kakompyuta kakang'ono m'chikwamamo kamene kamayeza kutalika ndi liwiro. Katswiri atakomoka, inu n'kumagwabe mothamanga mutayandikira pansi, kamadula kachingwe kotsekera ndipo yapadera imatuluka yokha. Kodziwika kwambiri ndi CYPRES, ka ku Germany, kanayamba kugulitsidwa mu 1991.

Kamakinako kanawasangalatsa a sajeni, anandifunsa kawiri. Kenako anati, "Ndiye mukafika kumeneko mukafunse. Safunsa anadya phula. Akuonetseni khadi la yapadera. Akuonetseni kuti kamakinako kayatsidwa. Munthu wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso."

Ndikuwonjezerapo zanga, kwa amene ali ndi mphwake wopenga ngati wanga. Funsani kuti katswiriyo wadumpha kangati. Ku America salola munthu kunyamula mnzake asanadumphe ka 500 ndi kukhala m'masewerowa zaka zitatu. Malamba anu amakolekedwa kwa iye malo anayi, awiri m'mapewa, awiri m'chiuno, ndipo muli ndi ufulu womuuza kuti akuonetseni onse chitseko chisanatseguke. Malamba a m'ntchafu akathina musadandaule, ndi amene mudzakhalire nsalu ikatseguka. Sikelo musainamize, malo ambiri amaika malire cha pa makilogalamu 100, ndipo ine nsima ya usiku ndayamba kuchepetsa. Chimfine chotseka mphuno chikakugwirani sinthani tsiku, makutu amapweteka potsika. Matenda a mtima, a msana kapena phewa lomwe linagulukapo, kambani ndi dokotala kaye. Akati lero kuli mphepo kapena mitambo sitiuluka, musakangane nawo ngakhale mwachokera kutali. Potuluka mu ndege mutu kumbuyo, mimba kutsogolo, miyendo yopindira kumbuyo. Potera, kwezani miyendo kutsogolo kuti katswiri ayambe ndiye kugunda pansi, poti akakolo ambiri amathyokera pamenepa.

Mfundo yomalizayi nditawauza a sajeni, inawavuta. Moyo wawo wonse anaphunzira kuti mapazi ndiwo amalandira nthaka, ndiye wina azikweza miyendo ngati mwana pa katungwe? Anapukusa mutu, koma anati ndimvere mwini palachuti, osati iwo.

Mayi, amene nthawi yonseyi ankadya sitiroberi, analowererapo. Sitiroberizo tinagula pokwera, anyamata anayamba ndi K5,000 kabasiketi, tinathera pa K3,000, ndipo zapansi zinali zazing'ono ndi zosapsa, choncho muzitembenuza musanalipire. Anati, "Achikulire, afunseni awa kuti mabuleki a galimoto iyi anawaonetsa liti kwa makaniko. Akufuna khadi la palachuti ya eni, chikhalirecho dzulo anakwera kabaza wa njinga yamoto opanda chipewa."

A sajeni sanaseke. Anandifunsa kuti ndi liti. Ndinati chaka chatha, mwina. Anadzuka, anapita pa galimoto, anatsegula boneti n'kuyang'ana mafuta a mabuleki, analowa n'kuponda kangapo. Anati alipo koma ndi ofewa, ndipo phirili potsika lili ndi makona amene salekerera munthu.

Tinawasiya pa kanjira kolowera kwawo cha m'ma 4 koloko, kuzizira kutayamba. Tengani juzi mukamabwera kuno, ngakhale m'tauni mukutentha. Ndalama anakananso, koma mayi anawaikira buledi ndi shuga m'kathumba ka mbatatesi kaja, ndipo izo sanakane. Ndinati ndidzabweza chingwe. Anati ndidzabwere nacho mu Januwale pamodzi ndi kanema, akufuna adzaone nkhope yanga pakhomo la ndege.

"Giya yachiwiri mpaka pansi, bambo. Buleki muzingoigusa, musaikhalire."

Tinatsika choncho, injini ikulira, minibasi ina ikutiimbira hutala kumbuyo mpaka inatipitirira pa kona. Pa msika ndinaima n'kusuzumira pansi pa galimoto. Waya anali pamalo pake, chingwe chili bwinobwino, sichinapse. Lolemba galimoto ikupita kwa makaniko wina, ayambe mabuleki, ekizozi pambuyo, ndipo ndamuuziratu kuti chingwecho amasule, asadule.