Kope langa la mawu: tsamba la anthu osasinthasintha

Mwezi uno ntchito yotola mawu a Chinyanja yayenda mwakachetechete. Ndi nyengo yokumba mbatatesi kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndiye akuluakulu omwe ndimacheza nawo amakhala kudimba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo akabwerako safuna mafunso. Komabe tsamba lomwe lakhala likundizunguza, la mawu otchulira munthu amene sasinthasintha, layamba kuoneka mutu wake.

Mbali ya osinthasintha inadzaza msanga. Wamitima iwiri, nthirakuwiri, birimankhwe, osatchula miyambi: ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, mapanga awiri avumbwitsa. Kunyoza ndiye timakutha. Koma ndikatembenuza funso kuti nanga amene sali chonchoyo timati ndani, ambiri amayamba akanda kumutu kenako n'kuti "wosasintha" kapena "wosagwedezeka". Amenewo ndi mawu okanira chabe, mwana aliyense angawapange. Ine ndimafuna mawu oima paokha.

Chomwe chandithandiza ndi kuleka kufunsa mawu n'kumafunsa za anthu. Ku Domue ndinafunsa azakhali anga, uku akusola nyemba palichero, kuti m'mudzimo ndani angamusungitse ndalama za chipereganyu. Sanadzutse n'komwe mutu. "Mayi uja wa kuseri kwa tchalitchi, mwana wanga. Akati Lachisanu ndi Lachisanu. Mawu ake ndi amodzi." Ndinalemba pomwepo. M'macheza omwewo munatuluka wodalirika, wosunga pangano ndi wamtima umodzi, ndipo nditawafunsa za malemu amuna awo anati anali munthu woti akaima waima nji. Ameneyu nji ndamutsegulira kampata kake pamodzi ndi nganganga, gwa ndi chilili, chifukwa ndikuona kuti mphamvu yeniyeni ya nkhaniyi ili m'timawu totere tomwe timamveka ngati chinthucho chikuchitika pamaso pako.

Pa mawu oti kukhazikika ndi pomwe ndakhalitsa. Achinyamata a ku Ulongwe akati munthu wakhazikika amatanthauza kuti wapeza ntchito kapena wakwatira. Kwa amene anaona nkhondo yapachiweniweni ya zaka 16 ija mawuwa ndi olemera kuposa pamenepo. Ambiri a iwo anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, nthawi yomwe dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo anayamba kubwerera mgwirizano wamtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Agogo ena a ku Tsangano anandiuza kuti pobwerera, anthu ankamanga kaye zisakasa, katundu ali chimangire, mtima uli kutsidya. Ndinawafunsa kuti nanga ankadziwa bwanji kuti uje tsopano wakhazikika.

"Mdzukulu wanga, unkaona wadzala mapichesi. Wothawa sadzala mtengo, amadzala maungu."

Mtengo womwe iwo anadzala nthawi imeneyo ulipobe pakhomo, tsinde lake long'alukang'aluka, nthambi imodzi ataichirikiza ndi mphanda. Pansi pa mawuwa m'kope ndalembapo kuti kukhazikika kumayambira pamalo, kenako n'kufika mumtima, ndipo wachikulire akamanena za maganizo okhazikika amakhala akuganizabe za munthu amene wamasula katundu wake.

Kupirira ndi kudekha sindinataye napo nthawi. Ndi abale a nkhaniyi koma a nyumba ina: wina amapirira chifukwa alibe kolowera, osati chifukwa wasankha.

Pomwe pali mkangano weniweni ndi pakati pa khama ndi liuma. Poyamba ndinawaika m'mizere iwiri, khama, kulimbikira ndi kuumirira kumanja, liuma, makani, kuuma mutu ndi nkhutukumve kumanzere. Mizere imeneyo siikugwira. Amalume anga sanasiyepo chimanga cha makolo. Chaka ndi chaka amasankha zisononkho zazikulu, kuzimanga ndi makoko ake omwe n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziingitsa anankafumbwe, pomwe anzawo amasintha mbewu malinga ndi yomwe yatchuka pamsika. Chaka chomwe haibulidi wachita bwino, akazi awo amati bambowa ndi aliuma, samva za anzawo. Chaka chomwe feteleza wakwera mtengo, kapena chimanga cha anzawo chafumbwa m'matumba pomwe chawo cholimba chija chili bwinobwino m'nkhokwe, pakamwa pomwepo pamatuluka zoti bambowa ndi akhama. Munthu ndi yemweyo, zochita ndi zomwezo. Chasintha ndi zokolola komanso amene akulankhula. Iwo eni ake ndikawafunsa amangoti khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko, n'kupitiriza kusema mpini.

N'chifukwa chake ndasintha kalembedwe ka tsambali. Mawu aliwonse ndikumawalembera zinthu zitatu pambali: anawanena ndani, amanena za yani, ndipo amayamikira kapena amadandaula. Mawu oti kukakamira andionetsa kufunika kwa zimenezi. Mayi akati mwana wake anakakamira sukulu amanena monyadira, koma mayi yemweyo akati mwanayo wakakamira mwamuna wachabechabe, nkhope imachita tsinya. Ndili ndi mapepala ojambulitsa a dikishonale ya Cinyanja ndi Chipwitikizi yomwe ansembe a Chijezuiti anatulutsa ku Lisboa mu 1963, ndipo imandithandiza kwambiri pa mawu akale, popeza ansembewo anakhalitsa kuno, makamaka ku mishoni ya Lifidzi. Koma buku silingakuonetse tsinya, nanga lili ndi nkhope ngati?

Kankhani kena kakang'ono ndi ka malembedwe. M'mabuku a sukulu a kuno amalemba c yekha, monga cinthu ndi cimanga, ndipo kuyesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja kunayambira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 1993. Kutsidya kwa malire a Calomue amalemba ch. Ine ndinazolowera ch chifukwa cha mabuku a nyimbo ndi wailesi za ku Malawi, choncho m'kope ndikumalemba mutu wa mawu m'njira zonse ziwiri kuti mphunzitsi wa kuno akadzalifuna asavutike.

Zotsala pa tsambali ndi mawu a m'banja, chifukwa anankungwi ali ndi katchulidwe kawo ka mkazi kapena mwamuna wosunga banja, ndipo zimenezo safotokozera pagulu; azakhali alonjeza kundiperekeza kwa mmodzi anthu akamaliza kukumba mbatatesi. Ndikadzatsikira kumzinda wa Tete ndidzafunsanso anzanga olankhula Chinyungwe ngati nawonso liuma ndi khama amazitchula mosiyana, ndipo ndidzayamba ndi funso lomwe lija la ndalama za chipereganyu.