Lipoti la ulendo wa ku Vienna, kumanda a Ludwig Boltzmann

Tinalipo anthu 10, tonse ophunzira masamu ndi fizikisi mumzinda wa Trieste, ndipo tinagwirizana kuti tikangomaliza phunziro la statistical mechanics, lomwe limafotokoza khalidwe la zinthu monga mpweya kuchokera ku mayendedwe a mamolekyu ake ochuluka, tikaone kumene kunagona mmodzi mwa eni ake a phunziroli, Ludwig Boltzmann. Tinayambira ku Duino, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic pafupi ndi Trieste, kumene mkuluyu anadzipha pa 5 Seputembala 1906 ali patchuthi ndi banja lake. Sitinakhalitseko. M'mawa mwake tinakwera sitima yodzera ku Ljubljana ndi Graz.

Njira ya ku Graz tinaisankha dala, chifukwa ntchito ziwiri zikuluzikulu za Boltzmann anazilemba akuphunzitsa mumzindawu. Mu 1872 anatulutsa ikweshoni yofotokoza mmene liwiro la mamolekyu a mpweya limasinthira akamagundana, ndipo kuchokera pamenepo anasonyeza kuti pali nambala ina, yomwe lero timaitcha H, imene siingakwere pamene nthawi ikupita, kutanthauza kuti kusintha kwa mpweya kumalowera mbali imodzi yokha. Mnzake Josef Loschmidt anamutsutsa mu 1876 ndi funso lomwe nanenso linandisowetsa mtendere m'kalasi: ngati malamulo a Newton salola kusiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa nthawi, nanga bwanji mpweya ukamwazika m'chipinda subwereranso m'botolo? Yankho la Boltzmann linabwera mu 1877, ndipo linali lowerengera kuchuluka kwa njira zimene mamolekyu angakhalire.

Mayi amene ankatitsogolera anatisonyeza yankholi musitima momwemo. Anati aliyense aponye ndalama yachitsulo kuti adziwe ngati akhale kumanzere kapena kumanja kwa kanjira kapakati. Njira zokhalira anthu 10 motere zilipo 1,024, koma mwa zonsezi ndi imodzi yokha imene imatiika tonse kumanzere, pomwe zotigawa asanu uku asanu uku zilipo 252. Tinaponya kangapo konse, mpaka wogwira ntchito musitima anaima n'kumatiyang'ana, ndipo sitinaunjikanepo mbali imodzi. Tsono m'malo mwa anthu 10 ikanipo mamolekyu a m'magalamu 18 a madzi, omwe chiwerengero chawo ndi pafupifupi 6 wotsatiridwa ndi maziro 23. Palibe lamulo loletsa mpweya kubwerera m'botolo, kungoti njira zomwazikira n'zochuluka kwambiri moti zobwerera sizioneka n'komwe. Ndinali nditalemba mayeso pa mfundo imeneyi n'kukhoza, koma ndivomere kuti inandilowa m'mutu tsiku limenelo.

Ku Vienna tinakwera tiramu nambala 71 mpaka kumanda aakulu a Zentralfriedhof. Alendo ambiri anathamangira kumene kunagona oimba otchuka, ife tinapatukira ku gawo la 14C. Pachipilala choyera pali chosema cha mutu wa Boltzmann, wa ndevu zambiri, ndipo pamwamba pake panalembedwa S = k log W. S ndi entropy (muyezo wa kumwazika kwa zinthu, umene umakula W ikamakula), W ndi chiwerengero cha njira zija tinkawerenga musitima, ndipo k ndi nambala imene kuyambira 2019 ndiyo maziko a muyezo wa kutentha wa kelvin. Chodabwitsa n'chakuti amene anayamba kulemba mfundoyi m'kalembedwe kameneka ndi Max Planck, wasayansi wa ku Germany, yemwe poyamba sankaikonda njira ya Boltzmann. Mu 1900, atasowa pogwira pofotokoza kuwala kochokera ku chinthu chotentha, Planck anabwereka kawerengedwe komweka, n'kuganiza kuti mphamvu imabwera m'timagawo, ndipo apa ndi pamene fizikisi ya quantum inayambira. Satyendra Nath Bose mu 1924, kenaka Enrico Fermi ndi Paul Dirac mu 1926, anasintha kawerengedwe ka W kuti kagwirizane ndi tizinthu tofanana kotheratu, koma funso lofunsa njira zingati linakhalabe lomwe lija.

Pamandapo panabuka mkangano. Mnzathu wina ananena kuti asayansi Ernst Mach ndi Wilhelm Ostwald, amene ankakana zoti maatomu alipo, ndiwo anachititsa imfa ya Boltzmann. Ine sindinagwirizane nazo, chifukwa mkuluyu anavutika nthawi yaitali ndi matenda a maganizo, mphumu komanso maso, ndipo si chilungamo kusenzetsa anthu mlandu wa imfa chifukwa choti anatsutsa mfundo ya sayansi. Chomvetsa chisoni n'chakuti kafukufuku wa Jean Perrin, amene anathetsa mkangano wa maatomu, anayamba mu 1908, patangopita zaka 2.

Madzulo tinadutsa mumsewu wa Boltzmanngasse, momwe muli nyumba ya kafukufuku wa masamu ndi fizikisi yotchedwa Erwin Schrödinger Institute, yomwe inatsegulidwa mu 1993. Tili panja pa nyumbayi, mtsogoleri wathu anatikumbutsa kuti katswiri wa masamu Oscar Lanford mu 1975 anatsimikizira mwamasamu kuti ikweshoni ya 1872 imachokeradi ku malamulo a Newton, koma kwa kanthawi kochepa kuposa kamene molekyu imatenga isanagunde inzake. Tinagwirizana kuti umboni umenewu ndiwo tiyambe kuuwerenga limodzi tikabwerera ku Trieste.