Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: ndiyambe ndathokoza chaka chisanapite patali

Paja tinalekezera pamene bambo anasamutsidwa pa ntchito kuchoka ku Dedza kubwera kuno ku Mzuzu, ife tili ana osadziwa ndi kuyankha "monire" komwe. Lero ndikhote kaye pang'ono chifukwa chaka chasintha, ndipo sindingapitirire ndisanakuthokozeni inu amene mumamvera ka podikasiti kanga ka mbiri za makolo.

Kanayamba mwamasewera. Agogo aakazi atabwera kudzakhala nafe ku Chibavi chifukwa cha vuto la miyendo, madzulo tikangodya ankayamba nkhani za agogo aamuna amene anapita ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, nde ine ndinkangoika foni pa mpando nkumajambula. Poyamba ankakana, ati "iwe, mawu angawa ukufuna ukagulitse kuti?" koma kenako anazolowera mpaka kumandiitana okha, "bwera nako kafoni kako kaja ndakumbukira zina." Situdiyo ndilibe abale anga, mawu oyamba aja ndimajambulira kuchipinda nditafunda bulangete kumutu, ndipo amene mumaidziwa mvula ya kuno ikayamba kugogoda pa malata mukudziwa kuti phokoso lina mumalimva lija si netiweki yanu ayi. Mumapirira ndithu, ndipo mumagula bandulo ndi ndalama zanu mmene zinthu zadulilamu.

Koma chimene ndikuthokoza kwambiri ndi ma voisi noti aja. Nditatulutsa gawo la Wenela foni siinapume. Agogo ankangokumbukira zoti chaka china kunagwa ndege, midzi ina kunali maliro opanda mtembo, kenako anthu anasiya kupita. Inu ndi amene munalumikiza nkhaniyo: inali ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown ku Botswana mu 1974, munafa a Malawi oposa 70 akuchokera ku migodi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya ku Joni. Bambo wina wachikulire wa ku Rumphi anatumiza mawu ataliatali m'Chitumbuka, ndinachita kupempha aneba andimasulire mwina ndi mwina, kufotokoza kuti ndalama zina za malipiro ankazisunga nkudzakupatsa utabwerera kumudzi. Nditawauza agogo anaomba m'manja, "ehee! nchifukwa chake njinga ija anagula atafika kale!" Zaka zonsezi ankaganiza kuti amuna awo anangobisa ndalama penapake.

Ndiye pali ana ndi zidzukulu za machona. Mtsikana wina analemba kuchokera ku Harare, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona, ati agogo ake anachoka ku Nyasaland ali mnyamata, chimene akudziwa ndi mfunda wa Phiri basi, mudzi sakuudziwa. A Phiri m'Malawi muno alipo angati, tiyambira pati? Komabe anthu pa gulupu yathu ya WhatsApp anamufunsa mafunso usiku wonse, agogo akowo ankatchula phiri lanji, mtsinje wanji, ankavina gule wanji. Mudziwo sunapezeke mpaka pano, koma mtsikanayo samajomba gawo lililonse.

Si onse akusangalala, ndisaname. Azakhali anandiimbira mokwiya nditatchula zoti agogo aamuna anasiya mkazi wina ndi mwana ku Joni, "mwana iwe, za m'nyumba ukuziyanika pa intaneti?" Ndinawamvera mwaulemu, mayina ndinachotsa onse, koma nkhaniyo ndinaisiya momwemo, chifukwa mwana uja ngati ali moyo ndi mbale wathu ndithu, kaya tifune kaya tisafune.

Mkangano wokoma unali wa gawo la ukwati. Ine wokulira m'banja la Chichewa ndinanena bwinobwino kuti kwathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi amalume, mwamuna amapita kuchikamwini. Eeh, anzanga a ku Mzimba ndi ku Ekwendeni anandiukira, ati munthu walipira lobola ng'ombe zake ana akhale bwanji a alamu ake? Tinakokana sabata yathunthu kkkk, palibe anagonja, koma ndinaphunzira zambiri kuposa zimene ndinaphunzitsa. Mzuzu ndi choncho basi, tauni imene inayambira pa esiteti ya mitengo ya tung (yoyengera mafuta) m'ma 1940, pafupifupi aliyense kwawo nkwina.

Zikomo kwambiri nonse, yewo chomene, chaka chabwino cha mtendere. Agogo akuti ndikupatseni moni, ndipo akufunsa ngati bambo a ku Rumphi aja anagwirapo ntchito mgodi umodzi ndi amuna awo, nde ngati mukuwerenga bambo, tumizaninso mawu. Gawo likubwerali tibwerera ku mbiri yanga, tsiku loyamba kusukulu ya pulayimale kuno, mmene anzanga anandisekera nditamva "sima" nkumaganiza kuti alakwitsa kutchula.