Sabata imodzi pa kafukufuku wa kugwa kwa achikulire

Ntchito yanga ndi ya mafizo, koma masiku ano theka la nthawi yanga likupita ku kafukufuku wa kugwa kwa anthu achikulire ndi ena amene miyendo yawo yayamba kuwakana: odwala shuga, amene anachitapo sitiroko, ndi amene akhala pa ma ARV zaka zambiri. Funso lathu ndi lalifupi: kodi munthu amene agwe tingamudziwe asanagwe? Anzanga a kuwodi ya mafupa amandiseka kuti ndinasiya kuchiza n'kuyamba ulosi. Koma ndi iwo omwewo amene amalandira agogo othyoka fupa la m'chiuno n'kuwagoneka masabata ambiri, mwendo ukukokedwa ndi zolemera, ndipo ena mwa agogowo sadzayendanso ngati kale. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ndi a m'maiko osauka ndi apakatikati. Chonsecho zoyezera zimene timagwiritsa ntchito zinachokera ku Canada, ku Ulaya ndi ku New Zealand.

Lolemba linali tsiku loyeza kuchipatala. Zida zathu n'zochepa: mpando wa mikono, tepi yoyezera, choko ndi wotchi ya pafoni. Muyeso waukulu ndi Timed Up and Go, umene ofufuza awiri, Podsiadlo ndi Richardson, anaufalitsa mu 1991. Munthu amadzuka pampando, n'kuyenda mamita 3 kufika pa mzere wa choko, kutembenuka, kubwerera n'kukhalanso, ine ndikuwerenga masekondi. A CDC, bungwe loona za matenda ku America, amati wotha masekondi 12 kapena kuposa ali pachiopsezo. Malangizo a padziko lonse a 2022 opewera kugwa kwa achikulire anaika malire pa masekondi 15, ndipo amakonda kwambiri kuyeza liwiro la kuyenda: wochepera mamita 0.8 pa sekondi ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa. Akatswiri okhaokha kusiyana chonchi pa malire, ndiye kuti muyesowo si wodalirika monga momwe manambala ake amaonekera. Ofufuza a ku Ireland ataunika kafukufuku wambiri mu 2014 anapeza kuti pawokha umaphonya anthu ambiri amene pambuyo pake amagwa.

Ndinazionera ndekha m'mawa womwewo. Agogo ena aakazi anabwera atatchena, nsapato za kutchalitchi kumapazi, ndipo nditangoti "tiyeni agogo" ananyamuka ngati mtsikana, n'kumaliza mkati mwa malire. Papepala ndi munthu wabwinobwino. Potuluka, mdzukulu wawo anatsalira pang'ono n'kundinong'oneza kuti, "Adokotala, asakunamizeni, mwezi watha anagwa kumjigo, ndowa ili pamutu." Simenti ya kuchipatala ndi yosalala, kuwala kuli mbee, munthu wadya, wapuma pabenchi, ndipo akufuna kusangalatsa dokotala. Palibe amene amagwa m'malo otere.

Lachiwiri tinali pa mafunso, ndipo ine ndimati apa ndiye pagona nkhani. Chizindikiro champhamvu chakuti munthu agwa ndi chakuti anagwapo kale, n'chifukwa chake malangizo a 2022 amayambira pa funso lakuti kodi munagwapo m'miyezi 12 yapitayi. Mukalifunsa momwemo, yankho ndi limodzi: "Ayi mwana wanga, Mulungu akundisunga." Ndiye timazungulira. Chichokereni nthawi yokolola, munayamba mwapezeka muli pansi musanafune? Nanga kubafa? Nanga potsika khonde? Apa ndi pamene zimatuluka: kuterereka kudimba, kupunthwa pa muzu popita kumaliro, miyendo kungolefuka podzuka pamphasa. Pa kafukufuku zonsezo timaziwerenga, kaya munthu anavulala kaya ayi.

Chimene amabisira ndimachimvetsa. Agogo akaulula kuti anagwa, ana awo a m'tauni amalamula kuti asapitenso kumunda, asatungenso madzi, mwina asamuke akakhale kwa mpongozi. Ena amaopa zokamba za anthu, poti kwathu kuno nkhalamba ikapezeka pansi panja mbandakucha sipalephera wina wonena za ufiti. Choncho mafunso enieni ndimafunsa achibale atatuluka, kenako achibalewo ndimawafunsa paokha.

Aliyense timamupatsa kalendala ya mwezi kuti tsiku limene wagwa aikepo mtanda, chifukwa ofufuza anaona kalekale kuti kudalira kukumbukira kwa chaka chonse kumataya zambiri. Ambiri mwa agogo athu salemba, ndiye ntchitoyi imagwera mdzukulu. Kalendala ina tinaipeza itakutira kope la masamu.

Lachitatu tinapita kumudzi pa njinga yamoto ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo, mvula itagwa usiku. Tinkayendera bambo wina wa zaka za m'ma 60, wa shuga ndi BP, amenenso anayamba ma ARV nthawi ija ya stavudine, mankhwala amene anasiyidwa chifukwa, mwa zina, ankawononga mitsempha ya kumapazi. Anatilandira pakhonde, n'kutiyalira mkeka. Nditawakhudza kuphazi ndi kaulusi koyezera ka magalamu 10 maso atatseka, malo ambiri sanamve kanthu. "Ndimangomva ngati ndaponda thonje," anatero. Munthu wotere amayenda ndi maso, chifukwa mapazi sakumuuza kuti pansi pali potani. Kukada, wataya zonse ziwiri.

Ndinawagoneka kwa mphindi zingapo n'kuyeza BP, kenako n'kuyezanso ataimirira. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena ya pansi ndi 10 mkati mwa mphindi zitatu, timadziwa kuti magazi akuchedwa kufika kumutu munthu akadzuka. Yawo inatsikadi, ndipo anagwira chipupa okha ndisanawauze. Kenako ndinapempha kuona mankhwala onse, osati buku la kuchipatala lokha. Mayi a kunyumba anabweretsa jumbo. Munali amitriptyline wa dzanzi ndi kuotcha kwa mapazi, amene amagonetsa komanso kubweretsa chizungulire, ndi hydrochlorothiazide wa BP, amene amakodzetsa. Wachiwiriyu ankamwa madzulo pamodzi ndi ena onse kuti asaiwale.

Ndiye ndinati, "Bambo, tandiyendetseni njira imene mumadutsa usiku popita kuchimbudzi." Anaseka, koma ananyamuka. Kuchoka pamphasa pamene amagona, kudzuka mumdima, kutsegula chitseko, kutsika khonde lalitali lopanda sitepe, kudutsa pamene madzi a padenga anakumba kangalande, kulambalala khola la mbuzi, pa dothi lofiira loterera, patapata wothetheka kumapazi. Kuchimbudziko n'konyonyomala, popanda chogwira podzuka. Ulendo umenewu amauyenda kangapo usiku uliwonse, mutu uli ndi tulo ta mankhwala. Pa fomu yathu ya kafukufuku palibe bokosi la zimenezi. Pali funso la makapeti oterereka ndi la zogwirira m'masitepe, lochokera ku fomu ya kunja.

M'nyumba monsemo munalibe mpando wa mikono ngati umene timayezera kuchipatala. Amakhala pamkeka kapena pa kampando kofika m'akakolo. Kudzuka kuchokera pamenepo ndi ntchito ina, yofuna ntchafu, mawondo ndi manja, ndipo ndi imene munthu wa kumudzi amaichita kambirimbiri pa tsiku.

Zimene tinagwirizana sizinafune ndalama zambiri. Mwana wawo akhome mtengo wolimba pambali pa dzenje la chimbudzi, aumbe sitepe pakhonde, akwirire kangalande kaja. Tochi izigona kumutu. Akadzuka azikhala kaye tsonga, kupondaponda mapazi, kenako n'kuimirira. Za mankhwala wosintha sindine, ndinalemba kalata yopita kwa dokotala wawo yopempha kuti aonenso nthawi yomwera ndi mlingo. Pa chidebe cha usiku ndiye tinalimbana. "Ine si mwana, ndiponso si wodwala," anatero. Mayi aja anangoti, "Mukathyoka, wokunyamulani ndine," nkhani n'kuthera pomwepo. Mlangizi uja anaonanso kuti diso lawo limodzi layera, tinawalembera kalata yokaonetsa ng'ala. Ku Nottingham, ku England, kafukufuku wa amayi achikulire anapeza kuti kuchotsa ng'ala msanga m'diso loyamba kumachepetsa kugwa.

Lachinayi ndi tsiku limene ndimalikonda, la gulu la mafizo m'kalasi ya tchalitchi china. Timatsatira ndondomeko ya Otago, imene John Campbell ndi Clare Robertson anakonza ku New Zealand, ndipo pa kuyesa kwawo inachepetsa kugwa ndi 35 pa 100. Kumeneko amamanga zolemera za m'sitolo m'akakolo, ife timadzaza mchenga m'masokosi. Kuima phazi lina kutsogolo kwa linzake chidendene chitakhudza zala, kuyenda cham'mbali, kuyenda chobwerera m'mbuyo, kuimirira ndi zala, kudzuka pabenchi osagwira. Kuunika kwa 2019 kwa Cochrane (gulu la akatswiri ounika kafukufuku wa zaumoyo), kumene kunaphatikiza kafukufuku 108, kunapeza kuti masewera olimbitsa thupi amachepetsa kugwa ndi pafupifupi 23 pa 100, makamaka amene amaphunzitsa thupi kukhazikika. Apa umboni ndi wolimba kuposa wa zolosera zija, ndipo nthawi zina ndimadzifunsa chifukwa chake timathera mphamvu zambiri posankha woti alowe m'gulu, m'malo mongoitana aliyense wofika zaka.

Mtsutso wa sabata iliyonse unabweranso. Agogo ena aamuna anati, "Ife timalima, timayenda mpaka kumsika, zovinavina izi n'za chiyani?" Kulima kumalimbitsadi thupi, sindikana. Koma kuyenda kokha sikunaonetse kuti kumaletsa kugwa. Thupi limafunika kuphunzira kudziwongola likapendekeka, ndipo limaphunzira pokhapokha likapendekekadi. Luso la ntchito yathu lili pamenepo: kumufikitsa munthu poti agwedezeke koma asagwe, chipupa chili pafupi, ine ndili kumbuyo. Ndikamufewetsera kwambiri, wangotaya nthawi yake. Pomaliza timaphunzira kudzuka pansi: kutembenukira cham'mbali, kugwada, kukwawira pa chinthu cholimba, kuponda ndi mwendo wamphamvu. Amayi a m'gulumo anapeka kanyimbo kowerengera, ndipo kakuthandiza kuposa mapepala a zithunzi amene tinasindikiza.

Amene amandidetsa nkhawa ndi amene sabwera. Munthu akagwa kamodzi amagwidwa mantha, achibale amamuuza kuti angokhala, ntchafu zimafota, ndipo tsiku limene adzadzuke yekha ndi limene adzagwe kwambiri. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, n'chifukwa chake n'zovuta kuwatsutsa.

Lachisanu linatha pakompyuta, kulowetsa manambala ndi kuimbira mafoni a makalendala amene sanabwere. Masana tinali ndi msonkhano. Ndinapempha kuti tiwonjezere muyeso wa kudzuka kuchokera pamphasa, ndi mafunso a chimbudzi, a kuwala usiku ndi a nthawi yomwera mankhwala. Otsogolera kafukufukuyu anayankha kuti tikasintha zoyezera, zotsatira zathu sizifanana ndi za maiko ena, ndipo palibe adzazikhulupirire. Mfundo yawo ndi yoona. Yanga inali yakuti tikasunga zoyezera zakunja zokha, tidzafanana ndi aliyense koma osadziwa chimene chikugwetsa anthu athu. Tinagwirizana kusunga zakalezo n'kuwonjezera zatsopano pambali, zimene zikutanthauza kulembera komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku kuti ivomereze kusinthako tisanayeze munthu ndi mmodzi yemwe. Kalata imeneyo anandipatsa ine kuti ndilembe, pamodzi ndi ndondomeko yofotokoza mphasa yake ikhale yotani, munthu ayambe atakhala bwanji, ndiponso ngati kugwira pansi ndi manja kuloledwe. Pa manjapo sitinamvanebe, tidzapitiriza Lolemba.